Mwana akatsegula m'mimba usiku nyengo ya kolera, tiyambe ndi chiyani?

Nambewe wa ku Glen View

Amayi anzanga ndi nonse odziwa zaumoyo, ndithandizeni. Kuno ku Harare mvula yayamba, masuweji akusefukira m'misewu, ndipo za kolera zayambanso kukambidwa m'makombi (maminibasi). Pomwe timachita lendi tili mabanja anayi, chimbudzi chimodzi, ana osakwana zaka zisanu alipo asanu. Madzi apampopi amabwera mwa apo ndi apo, ndiye timatunga pamjigo kapena pachitsime chakuseri. Amayi pano sitikumvana. Wina akuti mwana akatsegula m'mimba ndi mano akumera, wina akuti liwombo likalowa ndi nkhani ya agogo osati kiliniki, wina wasunga mankhwala a Flagyl m'kabati. Kodi kolera tingaizindikire bwanji? Ikayamba pakati pausiku tichite chiyani kusanache? Nanga madziwa tiwatani?

Mayi a Chisomo, namwino

Anambewe, mwachita bwino kufunsa matenda asanalowe m'nyumba. Chimene chimapha pa kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo mwa mwana wamng'ono zimenezi zimatha kuchitika m'maola ochepa. Ndiye musataye nthawi kutsutsana ngati ndi kolera kapena mano. Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu pa tsiku, yambani kumumwetsa ORS, ija kumudzi timati Thanzi. Dzina la matenda akalipeza kuchipatala.

Chimbudzi cha kolera chimakhala chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, chimangokhuthuka chambiri, nthawi zambiri popanda kupotokola m'mimba ndiponso popanda kutentha thupi. Kusanza kumabwera limodzi, ndipo okulirapo amadandaula kukokana kwa miyendo. Apa ndi pomwe amayi ambiri amapusitsika: agwira mwana pamphumi, apeza sakutentha, akuti tidikire kuche.

Paketi imodzi ya ORS isungunuleni mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Musagawe paketi pakati, musawonjezere shuga. Mwana wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse wachita chimbudzi, ndiye kuti kota kapena theka la kapu ya tiyi. Wa zaka 2 mpaka 9 amwe 100 mpaka 200 ml. Wamkulu amwe mmene angathere. Kamwana kakang'ono muzikapatsa ndi supuni, imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Akasanza musaleke. Dikirani mphindi 10, muyambenso pang'onopang'ono, chifukwa ngakhale akusanza, ena mwa madziwo amatsalira m'thupi. ORS ikatha maola 24 itayeni, mupange ina.

Woyamwa ayamwe kuposa masiku onse. Bere silifalitsa kolera, bola mayi asambe m'manja ndi sopo.

Tsono izi mukaziona, berekani mwana nthawi yomweyo ngakhale ndi 2 koloko usiku: maso alowa m'kati, wafooka moti sakutha kumwa kapena kuyamwa, akungogona osadzuka bwino, akulira popanda misozi, thewera lakhala louma maola ambiri, kapena mukatsina khungu la pamimba likubwerera mochedwa kuposa masekondi awiri. Ameneyo akufunika diripi. Botolo la ORS likhale m'manja, muzimumwetsa m'njira ngati akutha kumeza. Ndipo nyengo ya mliri, chimbudzi cha madzi a mpunga chokha ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala, zizindikiro zinazo zisanafike.

Nachisale wa ku Mufakose

Pa za liwombo ndiyankhepo, chifukwa apa ndi pomwe timataya ana. Anzathu a Chishona amati nhova, ndipo chikhulupiriro ndi chimodzimodzi ndi chathu: liwombo likalowa amati ndi matenda paokha, amamata mankhwala pamutu kapena kukhula m'kamwa mwa khanda ndi mchere. Agogo athu anaona zoona ndithu, kuti khanda lomwe liwombo lalowa lili pangozi. Chomwe chinawaphonya ndi chifukwa chake. Pamalo pamenepo mafupa a mutu sanalumikizane, ndiye thupi likauma khungu limatsika. Mwana akalandira madzi okwanira liwombo limadzuka lokha. Kumukhula m'kamwa kumangosiya zilonda, mwana n'kukana bere pa nthawi yomwe akulifuna kwambiri.

Musakangane ndi agogo kapena apongozi pamaso pa anthu, mudzangowaumitsa mtima. Apatseni supuni ndi kapu, akhale iwo omwetsa mdzukulu m'njira yopita ku kiliniki.

Za mano nazonso: mano satsegula m'mimba. Kungoti pa msinkhu umenewo mwana amakwawa ndipo chilichonse amaika m'kamwa.

Nambewe wa ku Glen View

Zikomo amayi. Nanga ngati paketi ya ORS mulibe m'nyumba? Ena akuti Coke wothira mchere amathandiza.

Mayi a Chisomo, namwino

Coke ayi, Mazoe ayi. Shuga wake ndi wochuluka, amakoka madzi kulowa m'matumbo, mwana n'kutsegula koposa. Pangani madzi a shuga ndi mchere: masupuni aang'ono 6 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere, mu lita imodzi ya madzi abwino. Supuni ikhale yosalaza ndi mpeni, osati yotumphuka.

Bambo Phiri wa ku Mabvuku

Mayi a Chisomo, ndiwonjezere kuti anthu asasokonezeke. M'makiliniki a kuno ku Zimbabwe anthu anaphunzitsidwa muyezo wa botolo la 750 ml, shuga ndi mchere chimodzimodzi mmene mwaneneramu. Miyezo yonse iwiri imagwiritsidwa ntchito. Choopsa ndi kuchulutsa mchere, kapena kusokoneza supuni ya tiyi ndi yodyera phala. Lawani kaye: asawawe mchere kuposa misozi. Komanso madzi opanga pakhomowa alibe potaziyamu yemwe ali mu ORS ya m'paketi, ndiye ndi ongogwirizira podikira. Panyumba ya mabanja anayi sonkhani ndalama mugule mapaketi angapo, akhale pomwe mayi aliyense akudziwa.

Tsopano za madzi, zomwe ndi gwero lenileni. Madzi oyera mbee sindiye kuti ndi abwino. Mliri wa mu September 2018 unayambira kwanu komweko ku Glen View ndi ku Budiriro, ndipo mijigo ina inapezeka kuti yalowa zoipa za m'suweji mpaka inatsekedwa. Wa 2008 mpaka 2009 unadwalitsa anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000 m'dziko muno, Budiriro ali pakati pake. Wa 2023 unayambira ku Chegutu mu February, n'kudzavuta ku Kuwadzana. Madera ake ndi omwe aja a mapaipi akale, pomwe mpopi ukauma anthu amathamangira zitsime zosaya. Paipi ya madzi ikakhala yopanda kanthu imatha kuyamwa zoipa za pansi kudzera m'ming'alu, ndiye ngakhale apampopi, makamaka oyamba kutuluka madzi akabwerera, musawakhulupirire.

Madzi onse akumwa, otsukira mano, osukira masamba ndi zipatso, achitidwe chimodzi mwa izi. Kuwiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Kapena piritsi limodzi la Aquatabs la 67 mg mu malita 20, kapena kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard mu malita 20, kenako mudikire mphindi 30. Werengani papaketi poti mapiritsi amasiyana kukula. Madzi akakhala a matope asefeni kaye pansalu yoyera ndipo muwirikize muyezo kawiri, chifukwa dothi limadya mphamvu ya klorini.

Cholakwika chomwe chimabwerezedwa nyumba ndi nyumba n'chakuti madzi awiritsidwa bwinobwino, kenako athiridwa m'ndowa yotsegula, mwana n'kubwera kudzatunga ndi kapu, zala zake zonse m'madzi. Gwiritsani ntchito chigubu cha kukamwa kwakung'ono, muzichita kupungula.

Nabanda wa ku Highfield

Flagyl uja sagwira kachirombo ka kolera. Mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba monga loperamide asapatsidwe kwa mwana. Maantibayotiki a kolera alipo, koma amasankha ndi achipatala, poti kolera ya 2018 inkakana ena mwa mankhwala odziwika. Chomwe mwana wosakwana zaka zisanu amafunika pamwamba pa ORS ndi zinki: 20 mg pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo wosakwana miyezi 6 ndi 10 mg. Amalize onse ngakhale wachira. Phala, nthochi ndi msuzi apitirize kudya. Kumumana chakudya kuti "m'mimba mupume" kumangomufooketsa.

Bambo Phiri wa ku Mabvuku

Chimbudzi chimodzi chija chikundidetsa nkhawa. Ambiri amene atenga kachiromboka sadwala n'komwe, koma amakatulutsa m'chimbudzi kwa masiku angapo, mpaka 10. Ndipo munthu amayamba kudwala pakati pa maola 12 ndi masiku 5 chikalowereni m'thupi. Ndiye wina akadwala panyumbapo, nonse mudziyang'anire sabata yonse.

Jik wamba wa 3.5% musungunule motere. Pansi, chimbudzi, chogwirira chitseko ndi mphasa: kapu imodzi ya Jik, makapu 16 a madzi. Zovala, matewera ndi mbale: supuni yaikulu imodzi mu lita imodzi, zinyikidwe mphindi 30 musanachape. Masanzi ndi chimbudzi cha wodwala m'poti kapena m'ndowa: magawo 4 a Jik ndi 3 a madzi, thirani, mudikire mphindi zosachepera 15 musanakhuthulire m'chimbudzi. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa, ndipo akhale patali ndi ana. Madzi ochapira matewera asatayidwe pafupi ndi chitsime. Amayi ambiri amaona chimbudzi cha khanda ngati chosaopsa, amapukuta n'kupitiriza kukonza ndiwo. N'choopsa mofanana ndi cha wamkulu.

Posamba m'manja musanadye, beseni lozungulira banja lonse lija lisiyeni. Wina azithirira ndi jagi, sopo ali pomwepo, madzi akugwera pansi kapena m'beseni lina. Pamaliro a munthu womwalira ndi kolera, thupi asambitse ndi azaumoyo, ndipo kuphika chakudya cha khamu kupewedwe. N'zowawa kwa ife ozolowera kugona pasiwa, koma maliro afalitsa kolera kambirimbiri, kuno ndi ku Malawi komwe, pomwe mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700.

Nachisale wa ku Mufakose

Anambewe, pali woyembekezera panyumbapo? Ameneyo akangotsegula m'mimba asadikire ngakhale ola limodzi, chifukwa madzi akachepa m'thupi mwa mayi, mwana wa m'mimba amatha kutayika.

Nambewe wa ku Glen View

Alipo mmodzi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Ndimuuza lero lomwe. Nanga katemera wa kolera amene ena tinamwa mu 2024 akugwirabe? Ndipo tikathamangira kuti?

Mayi a Chisomo, namwino

Katemerayo anaperekedwa kamodzi kokha chifukwa anali wochepa padziko lonse, ndipo chitetezo cha kumwa kamodzi sichikhalitsa, makamaka kwa ana osakwana zaka zisanu. Osakwana chaka sapatsidwa n'komwe. Ndiye madzi muziwasamala ngati simunalandire, ndipo akalengezanso mukamwe.

Pitani ku kiliniki (polyclinic) yomwe muli nayo pafupi, ndipo pakhomo pomwepo nenani kuti mwana akutsegula zamadzi, musakhale phee pamzere. Odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha matenda opatsirana cha Beatrice Road. Usiku uno gwirizanani kuti ndani ali ndi galimoto kapena nambala ya woyendetsa wodalirika, ndipo chigubu chimodzi cha madzi othira mankhwala chikhale chodzaza musanagone, ndi lita yoyezera pambali pake.