Chofiira chalowerera pa choyera, mwini wake akubwera Loweruka

Mayi wa Zigamba, Chilomoni:
Anzanga a singano, mwadzuka bwanji? Ine kuno zandivuta, ndigawireniko nzeru msanga.

Mukukumbukira chofunda cha zigamba chija ndinakuonetsani mwezi watha? Cha bedi ya dabulo, zidutswa 196 za masentimita 15, chitenje apa, nsalu yoyera apa, kusinthanasinthana mpaka kumapeto. Pakati ndinaika thonje la poliyesitala, kunsi shiti ya pa kaunjika. Chandidyera masabata asanu ndi limodzi, ena mwa iwo ndikupalasa makina ndi phazi magetsi atathima. Mwini wake anapereka kale theka la ndalama, ndipo akubwera Loweruka lino chifukwa ndi mphatso ya ukwati.

Lachinayi ndinachipinda bwinobwino, kuika m'kabati, ine ulendo wa ku Liwonde kwa alamu anga. Loweruka anatikweza boti pa Shire kulowa m'paki. Mvuu zosawerengeka, ng'ona zitagona pamchenga kukamwa yasaa, njovu zisanu zikumwa madzi ndi kamwana pakati pa miyendo. Koma chimene chinandigwira mtima ndi nkhwazi. Inali pamtengo wouma pafupi kwambiri moti ndinaona bwino mitundu yake: mutu ndi chifuwa mbee, kumimba kofiirira ngati njerwa yootcha, mapiko bii. Ndinati chofunda chotsatira chidzakhala cha mitundu itatu imeneyi. Osadziwa kuti kunyumba zikuchitika zina.

Dzulo ndafika, ndapeza chitseko cha kabati chili pululu, mphaka wanga wamkazi waswera ana anayi pamwamba penipeni pa chofunda cha eni. Magazi, madzi, ubweya, zonse. Ndi mantha ndinachiponya m'beseni ndi madzi ofunda ndi sopo waufa, n'kuchisiya usiku wonse. M'mawa uno zidutswa zoyera zambiri zasanduka pinki, makamaka zoyandikana ndi chitenje china chofiira chimene ndinagula mu msika wa Limbe. Pakona pamene panali magazi patsala madontho abulawuni. Ndithire Jik? Ndiyambirenso china? Masiku asanu sangakwane.

Telala wa pa Khonde, Ndirande:
Pepani achemwali. Koma Jik ayi, ndagwira mwendo wanu. Sasankha kuti uwu ndi utoto wosochera, uwu ndi wa mwini chitenje. Adya zonse, mutsala ndi mawangamawanga, ndipo ulusi wa thonje umafooka. Chachiwiri, pamene pagona mphaka mwina pali mkodzo, ndipo Jik akakumana ndi mkodzo amatulutsa mpweya wotsamwitsa. Botololo libwezeni pashelefu.

Chachikulu panopa: chisaume, ndipo simbi isayandikire. Mukangosita, pinkiyo wakhazikika. Chili kuti pakali pano?

Mayi wa Zigamba, Chilomoni:
Ndachitsukuluza kawiri, chili pachingwe kukhonde. Ndi chiperoni chayamba usikuchi sichinaume n'komwe, chikungodontha.

Telala wa pa Khonde, Ndirande:
Ndiye chiperoni chakupulumutsani. Chichotseni pachingwepo chibwerere m'madzi ozizira oyera, chotambasula.

Gogo wa Singer, Zingwangwa:
Mwana wanga, usalire. Tenga mchere wa m'sitolo makapu awiri, sungunula m'madzi ozizira, viika chofundacho. Ena amawonjeza viniga. Ine ndinayamba kusoka akazi tisanaloledwe kuvala thalauza m'dziko muno, lamulo lija linachita kuchotsedwa mu 1993 ine ndili kale ndi ana asukulu ophunzira telala pakhomo panga, ndipo chitenje chilichonse chatsopano ndimachinyika mu mchere chisanaone lumo. Sichinandichititsepo manyazi.

Wa Makatani, Limbe:
Agogo, mundikhululukire, ine ndine mwana pamaso panu, koma pa mcherepo ndiyankhulako. Ndinagwirapo ntchito yonyika nsalu mu utoto zaka zinayi ndisanayambe makatani. Mchere timathira mumphika wa utoto nthawi imene tikunyika, kuti utoto uchoke m'madzi ukakamire ku thonje. Nsalu ikatuluka ku fakitale ntchito ya mchere yatha. Viniga amathandiza pa ubweya wa nkhosa ndi silika, osati pa thonje. Chimene chimatuluka m'chitenje chatsopano ndi utoto wotsalira umene sunagwire ulusi, ndipo umenewo sungaumangirire. Umafunika kuuchotsa basi.

Ndiye taonani vuto la achemwaliwa. Utoto wachoka kale pa chofiira, wakhala pa choyera. Ngakhale mchere ukanakhala kuti umagwiritsa utoto, bwenzi ukugwiritsa pinkiyo pamalo pamene sitikumufuna.

Gogo wa Singer, Zingwangwa:
Ndiye ukuti zaka zonsezi ndakhala ndikutaya mchere wanga pachabe?

Wa Makatani, Limbe:
Ayi agogo, nsalu zanu sizisuluka chifukwa mumaziviika ndi kuzitsukuluza musanadule. Amene amagwira ntchitoyo ndi madzi aja ndi manja anu. Mcherewo umangoperekeza.

Gogo wa Singer, Zingwangwa:
Hmm. Uzingoperekeza choncho, ine sindisiya. Koma pitiriza, muuze mnzako chochita.

Wa Makatani, Limbe:
Achemwali, muli ndi mavuto awiri osiyana, ndipo mankhwala a lina ndi poizoni wa linzake. Magazi amafuna madzi ozizira, chifukwa kutentha kumawaphika n'kuwamata mu ulusi monga dzira limaumira m'poto. Utoto wosochera umafuna madzi otentha. Ndiye muyambe ndi magazi, mukathana nawo m'pamene muyatse mbaula.

Pa madontho abulawuniwo: gulani hydrogen peroxide ya 3%, mankhwala amadzi otsukira mabala, ku famase, kabotolo kakang'ono kakwana. Yesani kaye pa kachidutswa kotsala ka zitenje zomwezo, chifukwa imatha kuyeretsako mitundu ina. Ikapanda kuononga, donthezerani pa dontholo, muona thovu likutuwa, dikirani pang'ono, pukutani ndi kansalu koyera mochita kudinda osati kupikicha, kenako madzi ozizira. Bwerezani mpaka thovu lisiye kubwera.

Pa pinki: chimene chinakupwetekani dzulo si sopo, ndi beseni. Chofunda chachikulu chopindika m'timadzi tochepa usiku wonse, chofiira chitagona pa choyera, utoto ukanapita kuti? Tsopano muchite zosiyana ndi zimenezo. Pezani bafa yosambiramo ya m'nyumba, kapena mgolo waukulu woduladula pakati, wotsuka bwino wopanda dzimbiri. Madzi akhale ambiri moti chofunda chizisambira, otentha moti dzanja silingakhalitsemo koma osati owira. Thiranimo sopo wamadzi wotsukira mbale, pafupifupi theka la kapu. Sopoyo amagwira utoto woyandama kuti usakhalenso pansalu. Mphindi khumi zoyamba muzivundula ndi mthiko waukhondo. Madzi akada, tayani, thirani ena. Akayamba kumangoti pang'ono, chisiyeni mmenemo mpaka maola 12. Chonse chimire, mutsindikize ndi mabeseni odzaza madzi, chifukwa mbali yoyandama pamwamba imatuluka ndi mzere.

Mtsikana wa ku Bangwe:
Ine ndine wophunzira chabe, koma ndifunse. Madzi otentha sachititsa kuti chofiira chija chitulutsenso utoto wina? Komanso nsalu za thonje si zimabwerera zikaona madzi otentha? Ndinasokapo pilo ya zigamba, nditachapa inachita makwinya ngati nkhope ya munthu wodya bwemba.

Wa Makatani, Limbe:
Funso labwino asisi. Chitulutsadi, ndipo n'chimene tikufuna. Ndi bwino chitulutsire m'bafa ya achemwali kusiyana ndi m'beseni la mkwatibwi mwezi wamawa, dzina loipa n'kukhala lathu. Kubwerera kwa nsalu kwachitika kale dzulo mbali yaikulu. Kudzawonjezekako pang'ono, koma pa chofunda chosokedwa mizere yodutsa magawo onse atatu timakwinyato timagawana paliponse, sitioneka ngati vuto.

Pilo yanuyo ndikuganiza munasakaniza thonje ndi poliyesitala. Thonje limabwerera, poliyesitala ayi, ndiye wina akukoka wina wangoima. Zitenje zambiri zotchipa masiku ano n'zosakaniza ngakhale wogulitsa alumbire. Dulani kachidutswa, yatsani ndi machesi panja. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda.

Telala wa pa Khonde, Ndirande:
Ndiwonjezeko za kunyamula. Chofunda chonyowa chimalemera ngati thumba la chimanga. Mukachikoka pakona imodzi misoko iphulika, makamaka ngati munasiya kamphepete kochepa, ka mamilimita 6 kaja. Muchifinye chili m'bafa momwemo pochipondereza, osapotokola. Muchitulutse anthu awiri chili pa shiti. Poyanika chigone pa zingwe zitatu kapena zinayi zoyandikana, osati kulendewera pa chimodzi, ndipo chofiira chisakhudzane ndi choyera.

Mayi wa Zigamba, Chilomoni:
Zikomo nonse. Bafa ndilibe, koma aneba ali nayo ndipo avomera, malipiro ake akuti kamphaka kamodzi. Madzi kwathu amabwera usiku masiku ano, ndiye titunga lero tiyambe mawa m'mamawa. Makala ndagula thumba laling'ono.

Bambo wa Zikwama, Chirimba:
Ine za utoto ndasiyira akatswiri. Langa ndi la amphakawo, poti ndili nawo atatu m'shopu chifukwa cha makoswe. Mphaka amatenga bere pafupifupi masabata asanu ndi anayi, ndipo masiku omaliza amayendayenda kusaka malo amdima, ofunda, obisika. M'nyengo yozizira ino kabati ya nsalu ndiye hotela. Muikireni katoni yokhala ndi zidutswa zakale pakona yabata, apo ayi awanyamula ana ake pakamwa mmodzimmodzi kuwabwezera m'kabati momwemo. Anebawo adikire, tiana tisachoke kwa make tisanakwane masabata asanu ndi atatu. Akaleka kuyamwitsa mupite naye ku BSPCA, bungwe losamalira ziweto la mu Blantyre muno, akamutseke kuti asaberekenso, apo ayi chaka chisanathe mudzatiitananso pa nkhani yomweyi.

Ubweya pansalu ine ndimachotsa ndi gulovu ya labala yonyowetsa pang'ono, kumangosisita mbali imodzi, umadzikulunga wokha. Ndipo singano ndi ulusi muzitsekera m'chitini. Mphaka akameza ulusi umamanga matumbo, wanga wina anapita choncho.

Gogo wa Singer, Zingwangwa:
Walira mvula walira matope. Wofuna mphaka agule loko wa kabati.

Koma pali china chimene achinyamatanu simunanene. Mwini katundu wauzidwa? Mwana wanga, muimbire lero, osati Lachisanu usiku. Umuuze zoona, kuti chofunda chinadetsedwa, wachichapa, ndipo mtundu wina unasuluka, ukukonza. Kasitomala amakhululuka ngozi, chimene sakhululuka ndi kuzitulukira yekha.

Mayi wa Zigamba, Chilomoni:
Agogo, za mphakazo ndinenenso? Ndi mphatso ya ukwati, ena zoterezi amaziganizira patali.

Gogo wa Singer, Zingwangwa:
Unene. Akakana, ndi ufulu wake, umubwezere ndalama zake, chofundacho chidzagulidwa ndi wina. Ukabisa, mwana wa aneba amene walonjezedwa kamphaka uja adzaulula pa mpopi.

Mayi wa Zigamba, Chilomoni:
Ndabweranso, lero Lachitatu madzulo. Peroxide yachotsa madontho onse kupatula pa zidutswa ziwiri zoyera za pakona, pamene magazi anaphikika ndi madzi ofunda aja. Patsala chikasu chooneka ukayang'anitsitsa.

Za bafa: madzi oyamba anafiira ngati sobo, ndinachita mantha ndithu kufuna kuchitulutsa. Achiwiri pinki. Achitatu pang'ono chabe, ndiye ndinachisiya kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 9 usiku. Choyera chabwerera. Sindinganame kuti chili mbee ngati chatsopano, pafupi ndi misoko ya chofiira patsala kamthunzi, koma mwana wanga ndamuuza kuti aloze pamene panali vuto, waloza polakwika. Ndapaka kansalu koyera konyowa pa zidutswa zofiira zonse 11, sikanatenge kanthu.

Mwini wake ndinamuimbira. Anayamba wakhala chete, kenako anaseka, akuti ana anayi pa chofunda cha ukwati ndiye mwayi umenewo, bola chisanunkhe. Sichikununkha.

Funso latsala: zidutswa ziwiri zachikasuzo nditani nazo? Ndipo chiuma bwanji ndi nyengo iyi? Phiri la Michiru silikuoneka n'komwe ndi nkhungu.

Telala wa pa Khonde, Ndirande:
Musaphwasule mzere wonse. Dulani zidutswa ziwiri zatsopano zokulirapo ndi sentimita imodzi mbali zonse, pindani m'mphepete, zisiteni pazokha, muzigoneke pamwamba pa zakalezo n'kusoka pamanja ndi timisoko tobisika. Kenako bwerezani mizere ija yodutsa kuti zifanane ndi zinzake. Koma nsalu yatsopanoyo ichapidwe kaye, apo ayi idzabwerera payokha. Ndipo yoyera yatsopano idzawala kuposa zinzake zimene zasamba kanayi, ndiye mwina ndi bwino kuika mtundu wina dala, pa makona onse anayi, zioneke ngati munapangira.

Wa Makatani, Limbe:
Kuumitsa: m'nyumba, pa zingwe zingapo, fani ikuwomba ngati magetsi alipo, muzichitembenuza maola angapo alionse. Poliyesitala wa m'katiyo sasunga madzi, zimene zichedwe ndi misoko yokhuthala. Dzuwa likatuluka mawa chitulutseni chozondotsa, shiti kumwamba. Osachiyandikiza ku mbaula, chinganunkhe utsi. Simbi ikhale yofunda chabe ndi kansalu pamwamba, yotentha kwambiri imaphwatalitsa thonje la m'katilo osadzukanso.

Mayi wa Zigamba, Chilomoni:
Achimwene a ku Ndirande, nzeru ya makona anayiyo ndaitenga. Ndili ndi kansalu kofiirira ngati njerwa kamene ndinagula pa Liwonde pobwerera, koti ndiyambire chofunda cha nkhwazi chija. Ndadulako zidutswa zinayi. Panopa zili m'botolo la madzi otentha pawindo pamodzi ndi kansalu koyera, ndikuziyang'ana. Patha ola, madzi akadali oyera.

Mtsikana wa ku Bangwe:
Amayi, pa tiamphaka titatu totsalato, kamodzi ndisungireni. Kakamuna ngati kalipo.