Ndithandizeni nzeru, nyumba ya matabwa kwathu ku Nkhoma

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito ku Joni kuno, ku Knysna, komwe nyumba zamatabwa ndi zambirimbiri ndipo ndi zokongola heve. Ndasunga kangachepe, ndikufuna ndimange yotero kwathu kufupi ndi mishoni ya Nkhoma, pabwinja pomwe panali nyumba ya agogo. Vuto ndi amalume. Nditawatumizira pulani pa WhatsApp anangoyankha kuti "iwe zaka zonsezi ku Joni ubwere udzatimangire mkuku?" (kutanthauza zisakasa zija za ku Joni kuno). Akuti mishoni ija inayamba 1896, nyumba zake ndi zanjerwa zofiira zamakonde aatali, ndiye yanga yamagalasi akuluakulu ija izidzaoneka ngati shopu pakati pa mudzi. Mtima unandiwawa koma nditayang'ananso pulaniyo ndaona kuti penapake akunena zoona, ilibe ndi khonde lomwe, nanga amayi azikasenda kuti mtedza? Komanso sindikufuna kudula mtengo wa mango omwe anadzala agogo. Amene munamangapo ndi matabwa ndiuzeni, zingatheke osanyozetsa mudzi? Nanga chiswe?

Mayankho

Kalipentala wa ku Dedza: Achemwali zimatheka koma thabwa lisagunde dothi olo pang'ono. Maziko akhale a miyala kapena njerwa, mukweze kufika m'mawondo, matabwa ayambire pamenepo. Paini wa ku Chongoni kaya Chikangawa ndi wofewa, chiswe chimamudya ngati bisiketi, ndiye mugule wotilitidwa kale ndi mankhwala, osati kungopaka oyilo wakuda ngati tikukhoma khola. Ndipo akhale wouma bwinobwino, wamuwisi amapindika n'kusiya mipata yoti mwana atha kulowetsa dzanja.

Mayi wa ku Area 25: Amalume anu musalimbane nawo pa foni, mwini mbumba ameneyo, malowo akakunenerani kwa amfumu ndi iwowo. Pitani pa Disembala mukakhale nawo pansi.

Mnyamata wa pa Nathenje: Kkkkk mkuku wa ma miliyoni. Koma zoona sisi, inu muli ku Knysna simunamve za moto wa 2017 uja unatentha nyumba zambiri kumeneko? Kumudzi anyamata amatentha tchire posaka mbewa, Ogasiti mpaka Okutobala ndi utsi wokhawokha. Khitchini ikhale panja payokha, yanjerwa, ndipo muzilambula kuzungulira nyumba.

Wojambula mapulani: Chomwe chimapangitsa nyumba kuoneka yachilendo si matabwa ayi, ndi denga ndi msinkhu wake. Tengerani nyumba za pamishonipo, denga lotsetsereka bwino, khonde lalikulu loti mvula isamamenye khoma, mawindo apakatikati, osati galasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Khoma lakumsewu mutha kumanga theka ndi njerwa zofiira, matabwa n'kupaka vanishi wodera. Zamakonozo mukaziike mkati ndi kuseri koyang'ana kuphiri. Yosanja iyayi, mudzaphimba nyumba za abale anu onse.

Mwini funso: Zikomo nonse, zakhonde ndi maziko ndamva. Nanga mangowo ali mamita ngati anayi kuchokera pomwe ndikufuna kukumba, mizu siidzasokoneza?

Kalipentala wa ku Dedza: Sunthani nyumbayo pang'ono, mtengowo usiyeni. Koma chitsa chilichonse chakale chili pamalopo muzule, ndi momwe chiswe chimagona.