Mkanda wanga uja tsopano ukugona bwino pakhosi

Masabata awiri apitawo ndinafunsa za mkanda wa m'khosi womwe ndikupanga, wa mtundu uja unatchuka ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1950: mkanda waukulu pakati, ina n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwa khosi. Wanga unkangoti gwa, osagona pachifuwa.

Inu amene munati vuto ndi chingwe, munalasa. Ndinatungira pa nayiloni ya mbedza n'kukoka kwambiri, mikanda n'kupanikizana. Ndamasula zonse, ndatungiranso pa ulusi wa silika ndi kumanga mfundo pakati pa mkanda ndi unzake. Zimadya nthawi, zala n'kuwawa, koma ulusi ukaduka simutola mikanda pansi pa mpando. Silika amatamuka, choncho ndinayamba ndamukoka kaye ndisanatunge.

Cholakwa china ndinachiona ndekha nditayala mikanda pathaulo. Ndinkachoka pa mamilimita 12 kudumphira pa 8, ndipo diso limaona msanga kuti apa padumphidwa. Tsopano ndi umodzi wa 12 pakati, kenaka ya 10, 8, 6 mpaka 4, chiwerengero chofanana mbali zonse ziwiri. Kuyala musanatunge n'kofunika, abale.

Mfundo zinawonjezera kutalika, ndiye ndinachotsako ing'onoing'ono ingapo kuti ubwerere pa masentimita 45.

Chatsala n'chimodzi: mabowo a mikanda ikuluikulu ndi otakasuka, mfundo ikumalowa m'kati. Ndipinde ulusi pawiri, kapena ndigule wokhuthalirapo?