Thandizeni: kulembetsa adiresi ku Leipzig, Chijeremani sindichidziwa

Moni nonse abale m'gulu muno. Ndili ku Leipzig, Germany, ndipo ndathedwa nzeru ndi nkhani ya Anmeldung, kulembetsa adiresi ku ofesi ya mzinda. Lamulo limati ulembetse pasanathe masiku 14 utalowa m'nyumba, koma pamafunika pepala losainidwa ndi eni nyumba, Wohnungsgeberbestätigung. Eni akewo ndi agogo, Chingerezi sachimva; ndikawalozera pepalalo amangomwetulira n'kundipatsa tiyi.

Ndayesa pulogalamu yomasulira ya pafoni, sitikumvanabe. Ndinawalembera kakalata, mpaka pano kuli zii. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti popanda kulembetsaku Steuer-ID, nambala ya msonkho, sibwera, ndipo kuntchito akuifuna.

Kodi alipo ali pafupi, wodziwa Chijeremani, amene angalankhule nawo agogowa ngakhale pafoni? Nanga ku ofesiko amalola kupita ndi wokumasulira? Chonde ndithandizeni.