Zinthu zakwera mtengo, ndikufuna kupita ku Joni: ndiyambire pati?

WakuBangwe analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023, malipiro akumatha mwezi usanafike pakati. Lendi, ufa, mafuta ophikira, minibasi, ndalama yathera pomwepo. Ndikuganiza zopita ku Joni kukasaka ntchito ya m'gadeni kapena ya zomangamanga. Pasipoti ndili nayo. Kodi ikwanira yokha? Nanga kumeneko munthu amalandira zingati, ndipo yotumiza kumudzi imatsala? Palinso ejenti wina pa WhatsApp amene akuti andipezera ntchito yosamalira okalamba ku UK ndikangolipira ya pepala. Odziwa ndiuzeni zoona.

Nambewe anayankha:

Achimwene, pasipoti idzakulowetsani m'dzikomo, koma siikupatsani chilolezo chogwira ntchito. Mmalawi akafika pa Beitbridge amamudindira masiku osapitirira 30 ngati mlendo, ndipo mlendo saloledwa kulembedwa ntchito. Muyang'ane chidindocho musanachoke pa kauntala, chifukwa ofesala akhoza kukupatsani masiku ochepera 30, ndipo tsiku limene walembalo ndi lomwe adzawerengere.

Mavuto amayamba masikuwo akatha. Malamulo a 2014 amati mukapitiriza ndi masiku osaposa 30, akuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukabwereza miyezi 24 isanathe, ndi zaka ziwiri. Mukapitiriza masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Zimenezi amakulembani potuluka, pa bodala pomwepo. Mukagwidwa muli m'kati mwa dziko, muyamba mwagona kupolisi, mwina n'kukaonekera kukhoti, kenako ku Lindela ku Krugersdorp kukadikira kubwezedwa, katundu wanu atatsala m'chipinda cha lendi.

Ena amapereka pasipoti kwa madalaivala a basi kuti akawadinditsire mwezi ndi mwezi. Musayerekeze. Chidindo chikhoza kuoneka bwinobwino papepala koma osalowa mu kompyuta ya Home Affairs. Tsiku limene mudzadutse nokha adzaona kuti zam'pasipoti ndi zam'kompyuta sizikugwirizana, ndipo mlandu udzasanduka wa chidindo chabodza. Nthawi zina pasipotiyo imangosowera m'njira.

Visa ya ntchito mumafunsira muli kuno, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Simungalowe ngati mlendo n'kukasinthira komweko. Amafuna kalata ndi kontirakiti zochokera kwa bwana amene wakulembani, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, lipoti la dokotala, komanso satifiketi zanu zitaunikidwa ndi SAQA, bungwe la boma la South Africa lounika mapepala a maphunziro. Kunena mosabisa, pa ntchito ya m'gadeni kapena yonyamula njerwa visa imeneyi siituluka wamba, chifukwa boma lawo limati ntchito zotero nzika zingagwire. Anzathu ena a ku Zimbabwe ali ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito chotchedwa ZEP, a ku Lesotho ali ndi LEP, ife tilibe chilolezo chapadera chotero. Ndipo dobadoba akakuuzani kuti akugulitsani pepala la asylum, dziwani kuti pepalalo siligulidwa, n'la othawa nkhondo ndi nkhanza, osati othawa kukwera mtengo kwa ufa.

Chisale anayankha:

Ine ndiyankhe za ndalama, chifukwa ambiri amapusitsidwa ndi kusintha marandi kukhala makwacha pa foni.

Kuyambira Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R28.79 pa ola, ndipo amawaunikanso chaka ndi chaka. Lamuloli limakhudzanso ogwira ntchito m'nyumba ndi m'gadeni. Pa mlingo wa 2025 umenewo, mukamagwira maola 45 pa sabata, pamwezi ikhala cha m'ma R5,600. Koma wa m'gadeni wongofika kumene sapeza sabata yathunthu. Amapeza maganyu: Lolemba kwa bwana uyu, Lachinayi kwa wina. Pa mlingo womwewo, tsiku la maola 8 ndi R230. Mukapeza masiku atatu pa sabata, mwezi wonse ndi pafupifupi R3,000. Mvula ikagwa, kapena bwana akapita kutchuthi cha Disembala, tsiku limenelo lapita.

Tsopano pa R3,000 ija muchotsepo lendi ya chipinda cha kuseri kapena mkhukhu, magetsi ogula, chakudya, deta, ndi takisi. Takisi ndiyo imapha. Kogona kotchipa kuli kutali ndi kwa mabwana, ndiye ena amakwera ziwiri popita, ziwiri pobwerera. Funsani amene akukuitanani mitengo ya zinthu zisanuzi mmodzimmodzi, alembe manambala. Akamangoti "tangobwerani, tidzaonera konkuno," ndiye kuti naye sizikumuyendera. Musaiwale zovala za nyengo yozizira: Juni ndi Julaye wa ku Johannesburg si wa ku Blantyre, m'mkhukhu wa malata usiku madzi amachita kuuma m'chidebe.

Wopanda mapepala amalipidwa pamanja, chifukwa banki siimutsegulira akaunti mosavuta, ndipo akuba amadziwa tsiku lolandira. Mabwana ena amadula malipiro dala podziwa kuti simukadandaula. Komatu CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito kumeneko, imamva madandaulo a wantchito ngakhale alibe mapepala. Chofunika ndi umboni, choncho muzilemba masiku ndi maola m'kabuku, ndipo mauthenga a bwana pa WhatsApp musamafufute.

Potumiza ndalama gwiritsani ntchito makampani ovomerezeka ngati Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, ndalama ikafikire pa Airtel Money kapena Mpamba. Musayang'ane chindapusa chokha, yerekezani makwacha amene afike m'manja mwa wolandira. Matransipota amalonjeza mtengo wokwera, koma ndalama ikasowa mulibe risiti, mulibe kokasuma.

Sindikukana kuti alipo amene amanga nyumba za malata ku Mzimba ndi ku Mangochi ndi ndalama ya ku Joni. Ambiri mwa iwo ndi aja ali ndi luso la m'manja, owotcherera zitsulo, oyala matayilosi, osoka, ophika, kapena opeza ntchito yogonera konko komwe salipira lendi.

Mayi Phiri anayankha:

Za ejenti wa ku UK uja, musamupatse ngakhale tambala. Kuyambira pa 22 Julaye 2025 boma la UK linatseka kulemba osamalira okalamba kuchokera kunja kwa dzikolo. Amene akugulitsa ntchito imeneyi lero akugulitsa chinthu chimene kulibe. Ngakhale pamene khomo linali lotsegula, pepala lotchedwa Certificate of Sponsorship amalipira ndi wolemba ntchito, osati wantchito. Mayina a makampani ololedwa kuitanitsa antchito ali pa tsamba la gov.uk, aliyense akhoza kufufuza mwaulere. Ndipo amene anapita kale, kampani ikalandidwa layisensi amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze ina.

Zizindikiro za wakuba n'zomwezomwezo, kaya akuti UK, Israel kapena maiko a Aluya: amafuna ndalama pa nambala ya foni ya munthu, alibe ofesi, amakufulumizitsani kuti malo atsala awiri, kontirakiti akuti mukaionera komweko. Amayi athu amene anakazunzika m'nyumba za ku Oman anapita ndi malonjezo otere, atafika n'kulandidwa mapasipoti. Ejenti aliyense mukamufunse kaye ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ngati ali wolembetsedwa.

WakuBangwe analemba:

Zikomo nonse. Za UK ndazisiya. Koma za ku Joni, ndiye mukuti ndingokhala?

Nambewe anayankha:

Ayi achimwene, kusankha n'kwanu. Koma walira mvula walira matope, ndiye mukapita mupite mwakonzeka.

Ntchito muli nayoyo musaisiye, pemphani tchuthi. Pitani ngati mlendo, mukaone ndi maso, mukalankhule ndi olemba ntchito, mubwerere masiku asanathe. Munda kapena puloti musagulitse, ndipo ya ulendo isakhale ya katapila, chifukwa chiwongoladzanja chimayamba kuwerenga inu musanapeze ngakhale ganyu. Ya basi yobwerera muisunge payokha, osaikhudza.

Kwerani basi yodziwika yokhala ndi tikiti. Kuchokera ku Blantyre mudutsa Mwanza ndi Zobue, Tete, Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Ndi mabodala atatu, lililonse zidindo ziwiri, chotulukira ndi cholowera. Paliponse tsikani nokha, pasipoti ili m'manja mwanu. Transipota wonena kuti "mukalipira mukafika" amasunga pasipoti ngati chikole, ndipo ena amatsekera anthu m'nyumba mpaka abale atatumiza ndalama. Mukhale ndi adiresi ndi nambala ya kumene mukufikira zolembedwa papepala, chifukwa pa Beitbridge akhoza kufunsa, ndipo foni imatha moto.

Jambulani tsamba la pasipoti ndi chiphaso cha unzika, kope imodzi musiyire akunyumba. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga kapena a BP, tengani okwanira ulendo wonse pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Mufunsenso za dera limene mukukagona. Ziwawa zothamangitsa alendo zinachitika mu 2008, 2015 ndi 2019, ndipo zimayambira kumalo kwa lendi yotchipa komwe obwera kumene amafikira.

Ngati muli ndi luso la m'manja koma mulibe pepala, yambani mwakalemba mayeso a trade test kuno. Satifiketi imeneyo ndi imene SAQA ingaunike, ndipo bwana wofuna kukulembani mwalamulo adzayamba kufunsa yomweyo.