Mwana wagonekedwa ndi bala la mafinya pamwendo, akuti mawa alowa ku fiyeta

Nabanda, Mufakose

Moni nonse abale, ndili ku Mufakose mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 6, wolemera makilogalamu 20, anachekedwa ndi lata pamsongolo akusewera mpira. Kabala kake kanali kakang'ono, tinakatsuka n'kupaka jivi. Sabata isanathe mwendo unatupa mpaka kukakolo, thupi moto, mwanabere m'mphechepeche. Kukiliniki anatilembera kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo anatigoneka. Lero ndi tsiku lachitatu akulandira mankhwala pakanula (kachubu kamene amalowetsa mumtsempha) koma thupi likutenthabe, ndiye adokotala akuti mawa am'tengera ku fiyeta kukatumbula. Agogo ake akukana, akuti tingomutulutsa tikamange mankhwala achikuda. Kodi mankhwalawa paokha sangaphwetse chotupacho? Nanga ine wodikirira ndiziyang'ana chiyani? Adokotala akamazungulira m'mawa amayankhula Chingerezi mothamanga, ndimangoti inde.

Namwino_wa_ana

Pepani ndi matenda amayi. Musamutulutse mwanayo, ndipo ku fiyetako musainire.

Mabala otere kawirikawiri amaolera chifukwa cha tizilombo totchedwa Staphylococcus aureus, tomwe timakhala pakhungu la anthu ambiri osawadwalitsa, koma tikalowa m'kati timapanga thumba la mafinya. M'thumbamo simufika magazi, ndipo mankhwala amayenda ndi magazi. Choncho jakisoni amapha tizilombo ta m'mnofu wozungulira, pamene ta pakati pa mafinyawo tikungoswana. N'chifukwa chake thupi silikuzizira. Mafinya akatuluka, nthawi zambiri kutentha kumayamba kutsika pasanathe maola 24 mpaka 48.

Chimene akachite n'chakuti amugoneka tulo, acheka, atulutsa mafinya, achotsa mnofu wakufa, atsuka ndi salaini, madzi a mchere otsukira mabala. Musadabwe kuona kuti sanasoke. Bala la mafinya likasokedwa limadzazanso, ndiye amalisiya lotsegula, nthawi zina ndi gozi (kansalu kofewa ka pamabala) m'kati, kuti lipole kuchokera pansi kukwera m'mwamba.

Za kudya usiku uno samalani kwambiri. Lamulo lodziwika n'lakuti chakudya ndi mkaka zilekezedwe maola 6 opaleshoni isanachitike, madzi enieni maola 2, koma tsatirani nthawi imene akuuzeni muwodimo. Maheu, phala ndi yogati ndi chakudya, si madzi ayi. Apa ndi pamene agogo amalakwira chifukwa cha chifundo, kumupatsa kabanzi mobisa. Mwana wogonekedwa tulo ndi chakudya m'mimba akhoza kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Ngati wadya, nenani. Angosintha nthawi basi.

Tsopano ntchito yanu. Gulani kakope ndi bolopeni. Funsani dzina la mankhwala amene akulandira ndi kangati patsiku. Ngati ndi cloxacillin, amaperekedwa maola 6 aliwonse, kanayi, usiku womwe. Ceftriaxone kawirikawiri ndi kamodzi patsiku. Muzilemba nthawi imene walandira. Ola likapitirira, kakumbutseni mwaulemu, chifukwa usiku anamwino amakhala ochepa pa ana ambiri. Mlingo wa pakati pa usiku ndi umene umadumphidwa kwambiri, makamaka kanula akatuluka, wina n'kunena kuti tiikanso kukacha.

Kanulayo muziyang'ana nthawi iliyonse akamabaya. Cloxacillin amawawa m'mtsempha, kulira pang'ono n'kwachibadwa. Koma dzanja likayamba kufufuma, kuzizira, kapena mtsempha ukalimba ngati chingwe n'kumatentha, ndiye kuti mankhwala akutayikira m'mnofu kapena mtsemphawo watupa. Auzeni asiye, aike pena. Pulasitala ikanyowa kapena kuda, ayisinthe.

Pemphani namwino ajambule mzere ndi bolopeni kuzungulira pamene kutupa kwalekezera, alembepo tsiku. Pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka bwino, ndiye fufuzani ndi kuseri kwa dzanja pamene pakutentha, ndi pamene khungu lanyezimira. Kutupa kukadutsa mzerewo, matenda akupambana mankhwala. Mwendo uzikhala patsamiro, chidendene pamwamba kuposa chiuno.

Izi zokha musadikire nazo m'mawa, dzutsani namwino: mwana akuwodzera osadzuka bwino, wasokonezeka, akupuma mothamanga (werengani mphindi yathunthu ali phee, pamsinkhu wake kupitirira 30 n'kwambiri), manja ndi mapazi zazizira pamene mutu ukutentha, sanakodze kwa maola 8, khungu la pamwendo layamba kuda kapena kuchita matuza, kapena ululu wakula kuposa mmene balalo likuonekera.

aPhiri a ku Highfield

Anamwino anena zonse, ine ndiwonjeza za fupa, chifukwa bala lili pamsongolo. Pamenepo fupa lili pafupi kwambiri ndi khungu, palibe mnofu wolitchinjiriza, ndipo tizilombo sitichedwa kulowa. Mawa adokotala akamazungulira afunseni molunjika kuti kodi fupa lakhudzidwa? Mukhoza kufunsa m'Chishona, palibe wokukanizani, ndipo ngati sizikumveka pemphani sisita wa wodiyo akufotokozereni akachoka.

Chenjerani ndi ekiselo yoyamba. Matenda a m'fupa saonekera pa ekiselo mpaka patapita masiku 10 mpaka 14. Ndiye mawu akuti ekiselo ili bwino m'sabata yoyamba sakutanthauza kuti fupa lapulumuka. Chimene chimaulula ndi mwana mwini: akukana kuponda ngakhale atamwa mankhwala a ululu, akulira mukadina pafupa penipeni osati pabala, kapena sakulola kuti bondo lipindidwe. Ngati fupa lakhudzidwa, mankhwala amatenga masabata 3 mpaka 6, osati sabata imodzi. Akasiyidwa panjira, chidutswa cha fupa chimafa m'kati, ndiye mwana amakula ndi kabowo kotuluka mafinya zaka ndi zaka, mpaka opaleshoni yaikulu.

Funsaninso ngati mafinya a mawawo atumizidwe ku labu. Zotsatira zimatuluka pakatha masiku 2 kapena 3, ndipo zimanena dzina la kachilombo ndi mankhwala amene angakaphe. Alipo Staphylococcus wina, wotchedwa MRSA, yemwe samva cloxacillin kapena ceftriaxone. Ngati atumbula koma thupi likutenthabe patapita masiku awiri, zifukwa zake zimakhala zitatu: mafinya atsalira pena, fupa, kapena kachilombo kosamva mankhwala. Zotsatira za labu zimatha kufika n'kungokhala m'faelo osawerengedwa, ndiye muzifunsa.

Khadi la kusikelo libwere. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi, ndipo timalowera pabala ngati lochekedwa ndi latali. Katemera wake amakhala m'jakisoni wa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndi wobwereza pa miyezi 18. Adokotala aone okha ngati pakufunika wina. Akapemphanso kuyeza magazi, shuga kapena HIV, musakhumudwe. Amafuna kudziwa ngati pali chimene chikufooketsa thupi.

Malume wa pa Mbare

Za ndalama. Kuzipatala za boma ana osakwana zaka 5 salipira, koma wanuyu wapitirira, ndiye bilu ibwera. Musadikire tsiku lotuluka. Funsani ofesi ya soshowefeya ya pachipatalapo, mufotokoze mmene zinthu zilili. Pali chikalata chotchedwa AMTO chimene boma limapereka kwa osowa kuti athandizidwe, ndipo ena amaloledwa kulipira pang'onopang'ono. Tengani chitupa chanu ndi setifiketi ya kubadwa ya mwana. Malisiti onse sungani m'kapulasitiki.

Akakulemberani pepala kuti mukagule mankhwala kapena gozi panja, yendani mafamase awiri atatu, mitengo imasiyana kwambiri, ndipo funsani mtengo wa madola ndi wa ZiG womwe, ndalama ya Zimbabwe ija. Makapusozi a patebulo mumsewu ayi. Ena ndi otha nthawi, ena akhala padzuwa mwezi wathunthu. Mugule mlingo wonse wa masiku amene alembedwa, chifukwa kugula wa tsiku limodzi limodzi ndi kumene kumadumphitsa jakisoni.

Agogowo musakangane nawo pafoni. Abwere nthawi yoona odwala, aone mwendowo, sisita awafotokozere. Akuluakulu amamva msanga akauzidwa ndi wa yunifolomu kusiyana ndi mpongozi.

Nabanda, Mufakose

Zikomo nonse. Atumbula dzulo, akuti fupa likuoneka bwino koma adzajambulanso. Thupi lazizirako, wadya phala. Vuto tsopano ndi nthawi yotsuka bala, akukuwa wodi yonse kumva, ndipo akangoona tebulo la mabandeji akuyamba kunjenjemera. Komanso akuti mwina titulutsidwa Lachisanu. Kunyumba tizikatsuka bwanji? Madzi a pampopi kwathu amabwera mwa apo ndi apo, timatunga pamjigo.

Namwino_wa_ana

Kukuwako kuli ndi mankhwala ake. Pemphani kuti amwe panado mphindi 30 mpaka 45 asanayambe kutsuka, osati atamaliza. Mlingo ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, ndiye pa makilogalamu 20 ndi mamiligalamu 300. Ngati ndi wamadzi uja wolembedwa 120mg/5ml, amwe mamililita 12.5, poyeza ndi sirinji, osati sipuni ya tiyi. Asapitirire kanayi pa maola 24. Muli m'chipatala musamupatse wanu wa m'chikwama osanena, angalandire kawiri, ndipo panado wochuluka amawononga chiwindi. Asipirini kwa mwana ayi. Ngati panado sakukwanira pa kutsuka koyambaku, nenani, alipo amphamvu amene adokotala angalembe.

China chimene chimapweteka ndi gozi wouma womatirira. Anyowetsedwe ndi salaini, adikire mphindi zingapo, amatuka yekha. Mwanayo mumufungate pamiyendo panu atayang'ana kwa inu, foni m'manja. Musamunamize kuti sizipweteka. Muuzeni kuti zipweteka pang'ono, tiwerenga limodzi mpaka zithe. Mwana wonamizidwa kamodzi sakhulupiriranso aliyense wovala zoyera. Ndipo mawu aja akuti ukavuta akubaya jakisoni, alekeni pakamwa pa aliyense wobwera kudzazonda.

Za kunyumba. Bala lakuya, la gozi m'kati, lizikatsukidwa kukiliniki ya khonsolo ya kwanuko, tsiku ndi tsiku kapena monga alembere. Musatuluke opanda kalata yonena zimene anachita, mankhwala, ndi tsiku lobwerera. Likaphwa n'kukhala losaya mukhoza kumatsuka nokha. Salaini wa kufamase ndiye wabwino. Akasowa, wiritsani madzi a pamjigowo abwate kwa mphindi 5, muyeze theka la lita, muikemo sipuni ya tiyi imodzi ya mchere yosasefukira, muvundikire azizire. Akagona tsiku limodzi atayeni, mupange ena. Sambani m'manja ndi sopo musanamasule bandeji, musambenso mukataya yakaleyo. Pukutani kuchokera pakati pa bala kupita kunja, gozi mmodzi kamodzi, osabwerera naye. Thonje limasiya ulusi m'bala, musaligwiritse ntchito m'kati. Mabandeji akale muwamange m'pulasitiki, asafike pamene ana ena akusewera, ndipo thawulo ndi sopo wa wodwalayo zikhale zakezake.

Mnofu wofiira wa timatuza ting'onoting'ono, wotuluka magazi pang'ono ukakhudzidwa, ndiwo mnofu watsopano. Musaukhule. Choipa ndi fungo, mafinya obwerera, kapena m'mphepete mwa bala kuyambanso kutupa ndi kutentha.

Mankhwala akumwa amalize onse ngakhale akuthamanga kale panja. Cloxacillin amalowa bwino m'mimba mopanda kanthu, ola limodzi asanadye kapena maola 2 atadya. Wamadzi amafuna firiji, ndiye ndi kuzimazima kwa magetsi a ZESA kuno, afunseni a famase ngati mwanayo angathe makapusozi, kapena mmene mungasungire. Akayamba kutsegula m'mimba musasiye mankhwala panokha. Mupatseni madzi aja timaphunzitsidwa kukiliniki, mamililita 750 a madzi owiritsa, masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere, kenako mukanene. Zidzolo thupi lonse, kutupa milomo kapena kubanika, apo siyani pomwepo, thamangani kuchipatala.

Chakudya: dzira, nyemba, kapenta, chiponde m'phala, mkaka, ndi chipatso chilichonse chimene chilipo. Bala limamangidwa ndi zakudya zomanga thupi, sadza ndi masamba zokha sizikwanira.

Mayi wa ku Epworth

Koma anamwino, bala si limafuna mphepo kuti liume? Kumangalimanga tsiku ndi tsiku sikumene kumaliwoletsa? Kwathu kuno anthu amathira ufa wa kapusozi pabala n'kulisiya poyera, limachita nkhanambo msanga.

aPhiri a ku Highfield

Nkhanambo yofulumirayo ndiyo vuto, mayi. Imatseka pamwamba pamene pansi sipanapole, mafinya n'kumasonkhana m'kati. Khungu latsopano limayanda bwino pabala lachinyontho pang'ono komanso lophimbidwa, ndipo bandeji imatchinga ntchentche ndi fumbi. Imene imawoletsa ndi bandeji yonyowa yosasinthidwa. Ufa wa kapusozi sunapangidwire pakhungu, umangopsereza mnofu ndi kuzoloweretsa tizilombo mankhwala. Chimodzimodzi Colgate, phulusa, mafuta a mabuleki ndi sipiriti. Jivi naye pabala lakuya amangobisa mtundu, adokotala osaona ngati mnofu uli moyo.

Nabanda, chomaliza choti musunge m'mutu ngakhale bala litapola. Ngati tizilombo tinali ta mtundu wa Streptococcus, impso zimatha kutupa patapita masabata atatu kapena kupitirirapo. Mukaona nkhope yatupa podzuka m'mawa, mkodzo wachepa kapena wasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, mupite naye tsiku lomwelo akayeze mkodzo ndi BP, ndipo mukatchule za balali. Tsiku la ekiselo yachiwiri lija musaliphonye ngakhale akuyenda bwinobwino.