Milkweed uja wamera, ndipo mbozi zafika

Abale, mu Julayi ndinafunsa chifukwa chake njere zanga za milkweed, chomera chotuluka utomoni woyera ngati mkaka, sizinkamera, ndipo ambiri munati ndidikire kuti kuzizira kuthe. Munanena zoona. Ndinafesanso mu Okutobala, Lusaka itatentha, n'kuwaza dothi pang'ono chabe pamwamba, ndipo zinamera bwino. Mbandezo ndinaziwokera mvula itayamba mu Novembala, pamalo owomba dzuwa pomwe madzi sadikha.

Mtundu wanga ndi Gomphocarpus physocarpus, uja wobala zipatso zofufuma zokhala ndi timinga tofewa. Chandisangalatsa kwambiri ndi mbozi za mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu zimene zikudya masamba. Ndi za gulugufe wotchedwa Danaus chrysippus. Poizoni wa m'masambawo amakhalabe m'thupi mwake, n'chifukwa chake mbalame zimamupewa. Chonde musapopere mankhwala mukaona mbozizi. Masamba amaphukanso.

Nsabwe zachikasu nazo zaunjikana kunsonga kwa nthambi. Ndimangozikokolola ndi madzi m'mawa, nditayang'ana kaye pansi pa masamba ngati pali timazira ta gulugufe.

Koma samalani ndi utomoni woyera uja umatuluka mukathyola tsamba. Ukalowa m'maso umawotcha koopsa, choncho sambani m'manja ndi sopo mukamaliza, ndipo ana ndi mbuzi asafikepo.

Zipatso ndizithyola zikangoyamba kung'ambika, mphepo isanaulutse njere ndi thonje lake. Amene muli chakuno ku Chilenje mu Lusaka, ndiuzeni ndikusungireniko.